Tindodo Tiwiri m'Thanki: Mmene Makina a Zakumwa za Gasi Amadziwira Kuti Madzi Akwana

M'malesitilanti akuluakulu a ku Johannesburg, London kapena Atlanta mumakhala makina aja amene munthu amangokankhizira kapu pa kachitsulo, chakumwa n'kuyamba kutsika chikuchita thovu. Abale athu ambiri amene amagwira ntchito m'makhitchini a kunja amawapukuta usiku uliwonse, amasintha makatoni a sirapu, ndipo kulira kwa makinawa anakuzolowera. Koma zimene zimachitika kuseri, pansi pa kauntala kapena m'kachipinda kosungira katundu, ndi ochepa amene anaziona. Kumeneko kuli thanki yaing'ono yachitsulo, yotsekeka ponseponse, yopanda ndi kazenera komwe. Palibe amaisuzumira, komabe siisefukira ndipo siiuma. Alonda ake ndi tindodo tiwiri tachitsulo tolendewera m'kati. Mafunso otsatirawa akufotokoza mmene tindodoti timamvera madzi, zimene zimatinamiza, ndi ntchito imene nzeru yomweyi ili nayo ngakhale pa mjigo wa kumudzi.

Kodi chakumwacho chimakhala chopangidwa kale m'makinamo?

Ayi. Cha m'botolo chimachoka ku fakitale chili chothaitha, koma cha m'makina awa chimapangidwa nthawi yomweyo imene kapu yatchera pansi pa kampopi. Pamakumana zinthu zitatu. Choyamba ndi madzi a m'mpope amene adutsa m'sefa. Chachiwiri ndi manyuchi okandapala a chakumwacho, amene amisiri amawatcha sirapu, ndipo amabwera m'thumba la pulasitiki loikidwa m'katoni. Chachitatu ndi mpweya wa carbon dioxide, umene ambirife timangoti gasi, wochokera m'silinda. Pa zakumwa zambiri, madzi amakhala pafupifupi magawo asanu pa gawo limodzi la sirapu, ndipo ziwirizi zimasakanikira pakamwa penipeni pa kampopi.

Gasi yekha ndiye sadikira pa kampopi. Amakumana ndi madzi kumbuyo, m'thanki ija, imene dzina lake ndi carbonator. Nzeru yolowetsa gasi m'madzi ndi yakale. Joseph Priestley, yemwe ankakhala moyandikana ndi malo ofulira mowa mumzinda wa Leeds ku England, anaona cha m'ma 1767 kuti madzi oikidwa pamwamba pa mowa wowira amasanduka oluma lilime, ndipo mu 1772 anafalitsa njira yopangira madzi otere. Jacob Schweppe anayamba kupanga ogulitsa ku Geneva mu 1783. Makina a masiku ano, monga opangidwa ndi makampani a ku America a Cornelius ndi Lancer, amachita zomwezo pa masekondi owerengeka, popanda munthu woyang'anira.

Bwanji osangoidzaza thankiyo mpaka pakamwa, nkhani ithe?

Chifukwa malo amene mulibe madzi ndi amene ntchito imachitikira. Kumtunda kwa thanki kumakhala gasi wopanikizika. M'makina ambiri pulesha yake imakhala pafupifupi 100 psi, yomwe ndi kuwirikiza katatu ya m'tayala la galimoto yaing'ono. Madzi a m'mpope sangalowemo okha popeza pulesha yawo nthawi zambiri imachepa, choncho pamakhala pampu yoyendetsedwa ndi mota. Pampuyo imawakankhira pa kabowo kakang'ono, ndipo amatulukira m'thanki ali timadontho ngati mvula yowaza. Timadonthoti tikamagwa kudutsa m'gasi, timamwa gasiyo, n'kukasonkhana pansi tili madzi oluma. William Henry wa ku Manchester anasonyeza mu 1803 kuti mpweya umasungunuka wochuluka m'madzi pulesha ikamakwera. Kuzizira nakonso kumathandiza, n'chifukwa chake chakumwa chosiyidwa padzuwa sichichedwa kutha gasi.

Ndiye thanki ikadzaza mopyola, malo owazira madzi amatha, madzi atsopano amangolowa m'madzi anzawo osakumana ndi gasi wokwanira, ndipo chakumwa chimatuluka chosukuluka ngati cha dzulo. Ikauma, paipi yotungira pansi imayamba kukoka gasi yekhayekha, kampopi n'kumalavula ndi kutsokomola, sirapu akuthothokera m'kapu popanda madzi, silinda ikutha pachabe. Madzi ayenera kukhala pakati pa malire awiri, osapyola la pamwamba, osatsika kupitirira la pansi.

Thanki yotsekeka chonchi, makinawa amadziwa bwanji pamene madzi afika?

Pa chivundikiro cha thanki pamakhala pomangika chipangizo chimene amisiri amachitcha probe. M'makina ambiri chimakhala ndi tindodo tiwiri ta chitsulo chosachita dzimbiri, kena kakatali, kena kakafupi. Tindodoti sitigundana ndipo sitikhudza thupi la thanki, chifukwa pamene tadutsa pa chivundikiro tazingidwa ndi pulasitiki yosadutsa magetsi. Kandodo kalikonse kali ndi waya wake wopita ku bolodi, kabokosi kamene kamalamula mota. Waya wachitatu amachoka pa bolodi lomwelo n'kukamangidwa pa thupi la thanki.

Bolodi limatumiza magetsi ochepa kwambiri ku kandodo, n'kudikira kuona ngati abwerera kudzera pa thupi la thanki. Nsonga ya kandodo ikakhala m'gasi, magetsi sapeza podutsa, chifukwa gasi sawanyamula. Madzi akakwera n'kukhudza nsongayo, amasanduka mlatho pakati pa kandodo ndi khoma la thanki, magetsi n'kuoloka. Bolodi likamva kuti abwerera, limadziwa kuti pamenepo pali madzi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Swichi ya pakhoma m'nyumba mwathu ili ndi tizitsulo tiwiri timene chala chimatigundanitsa. M'thanki muno mulibe chala kapena chilichonse chosuntha: madzi enieniwo ndiwo swichi. Ndipo bolodi siliona madzi, silidziwa kulemera kwawo kapena kuya kwawo. Limangofunsa funso limodzi losatha: kodi magetsi adutsa, kapena ayi? Womvetsa mfundo imeneyi wamvetsa ubwino wa makinawa pamodzi ndi matenda awo onse.

Kodi madzi amadutsadi magetsi?

Madzi pa okha amadutsa magetsi ochepa zedi. Chimene chimanyamula magetsi ndi zosungunuka m'madzimo. Mchere ukalowa m'madzi umagawika kukhala tizidutswa tosaoneka, tina tonyamula mphamvu ya pozitivi, tina ya negativi, timene asayansi amatitcha ma-ion. Svante Arrhenius wa ku Sweden anafotokoza izi mu 1884, ndipo mu 1903 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Ma-ion ali ngati mabwato pa doko. Mtsinje ungakhale waukulu bwanji, ngati palibe bwato, katundu saoloka. Mabwato akachuluka, katundu amaoloka wochuluka.

Madzi amene timamwa anayenda m'dothi ndi m'miyala, ndipo anatenga calcium, magnesium, sodium ndi michere ina. Kuthekera kwawo kodutsa magetsi amakuyeza m'ma-microsiemens pa sentimita. Madzi oyeretsedwa mpaka osatsala kanthu, onga a m'malabotale, amapereka 0.055 okha pa kutentha kwa madigiri 25. Madzi a m'mipope ambiri amakhala pakati pa 50 ndi 800. A m'Nyanja ya Malawi ali pafupi ndi 250, pomwe a m'nyanja zazikulu zamchere amafika pafupifupi 50,000. Nyanja ya Chilwa, popeza ilibe mtsinje wotulutsa madzi, michere imaunjikana ndipo imaposa ya Malawi kutali.

Izi mutha kuziona nokha ndi batire la mavolti 9, kababu kakang'ono ka LED ndi mawaya. Lumikizani batire ndi kababu, koma musiye mpata pa waya mmodzi, nsonga ziwiri za mpatawo muziviike m'kapu ya madzi a mvula osazigundanitsa. Kababu kayaka mofooka kapena ayi. Thiranimo mchere pang'ono ndi kutakasa, muona kakuwala. Chitani izi ndi batire lokha basi. Magetsi a pakhoma asayandikire kapu ya madzi.

Kandodo kamodzi sikangakwane?

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tiyerekeze kuti kandodo n'kamodzi, ndipo lamulo n'lakuti madzi akakhudza, pampu iime, akasiya kukhudza, pampu iyake. Munthu akangothira kapu imodzi, madzi atsika pang'ono, pampu iyaka. Pakangopita sekondi, madzi akhudzanso, pampu iima. Madziwo akamagwedezeka, ndiye kuti pampu izingoti yaka, zima, yaka, zima. Mota imakoka magetsi ochuluka kwambiri pa nthawi yoyamba kuzungulira, choncho yoyakayaka motere imatentha, ndipo tizitsulo ta relay imene imaiyatsa timapsa msanga.

Tindodo tiwiri timathetsa vutoli pogawana ntchito. Kakatali kamalondera malire a pansi, kakafupi malire a pamwamba. Anthu akamathira zakumwa, madzi amatsika n'kusiya kandodo kakafupi, koma bolodi silichita kanthu. Limadikira mpaka madzi asiyenso nsonga ya kakatali. Apo m'pamene limayatsa pampu. Madzi akamakwera amayamba akhudza kakatali, koma pampu siiima. Imapitirira mpaka afike pa kakafupi. Pakati pa nsonga ziwirizi bolodi limangosunga lamulo lomaliza limene linapereka: ngati limadzaza, lipitiriza kudzaza, ngati linali phee, likhalabe phee.

Zotsatira zake n'zakuti pampu imagwira ntchito kanthawi kokwanira, kenako n'kupuma ndithu. Opanga ena amaika kandodo kamodzi koma n'kuonjezera kowerenga nthawi pa bolodi, kuti pampu ipitirire masekondi angapo isanaime. Cholinga n'chomwecho: pakhale mpata pakati pa poyatsira ndi pozimitsira.

Magetsi m'madzi akumwa, sangagwire munthu kapena kuipitsa chakumwa?

Magetsi amene amapita ku tindodo si aja a mavolti 230 kapena 120 amene amayendetsa mota. Bolodi limawatsitsa kufika pa mavolti ochepa ndi kuwalekanitsa ndi a pakhoma, ndipo odutsa m'madziwo amakhala ochepetsetsa moti munthu sangawamve. Mwachitsanzo, zipangizo wamba zoyang'anira mulingo wa madzi za mtundu wa 61F, za kampani ya Omron ya ku Japan, zimagwiritsa ntchito mavolti 8 pakati pa tindodo. Thupi la thanki nalo limalumikizidwa ku earth, waya woteteza wopita m'nthaka.

Chofunika china ndi mtundu wa magetsiwo. A batire, otchedwa DC, amayenda kulowera mbali imodzi. Akakhalitsa m'madzi amawagawa: pa chitsulo china pamamera timathovu ta hydrogen, pa chinzake ta oxygen. Timathovuti timakuta chitsulo n'kutchinga magetsi, ndipo chitsulo chimodzi chimayamba kudyeka pang'onopang'ono, zodyekazo n'kumalowa m'madzi. N'chifukwa chake tindodo timapatsidwa magetsi a AC, amene amasinthasintha kolowera kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ma-ion amangosendera uku ndi uku osaunjikana pa chitsulo. Friedrich Kohlrausch wa ku Germany ndiye anakhazikitsa njira yoyezera madzi ndi magetsi osinthasintha m'zaka za m'ma 1870, ndipo nzeru yakeyo ndi imene imasunga tindodo ta m'thanki tili tosalala kwa zaka.

Nanga madzi akakhala oyera mopitirira, bolodi lingalephere kuwamva?

Zimachitika, ndipo zimadabwitsa anthu ambiri amene agula sefa yodula poganiza kuti akuchitira makina chifundo. Sefa wamba ya makala imachotsa fungo la chlorine ndi zinyalala koma michere imadutsa, choncho siisokoneza tindodo. Koma sefa ya mtundu wa reverse osmosis imachotsa michere yambiri ndithu. Madzi otuluka mmenemo amatha kukhudza kandodo koma magetsi odutsa n'kukhala ochepa moti bolodi limaona ngati kandodoko kali pouma. Kuzizira kumaonjezera vutoli, chifukwa kudutsa kwa magetsi m'madzi kumatsika ndi pafupifupi 2 peresenti pa digiri iliyonse imene madzi azizira.

M'thanki ya zakumwa muli mpulumutsi amene sapezeka m'mathanki ena: gasi yemweyo. Carbon dioxide akasungunuka m'madzi, gawo lina limasanduka asidi wofooka wotchedwa carbonic acid, ndipo asidiyu amagawika n'kutulutsa ma-ion a hydrogen ndi bicarbonate. Ma-ion a hydrogen amanyamula magetsi mwachangu kuposa ena onse. Choncho madzi amene analowa m'thanki ali opanda mchere, akangomwa gasi amakwera kufika pa ma-microsiemens makumi angapo, zomwe mabolodi ambiri amazimva. Kuluma kuja kumene lilime limamva ndi kumene kumathandizanso kandodo kumva. Vuto la madzi oyera kwambiri limakula m'makina ophikira khofi wa espresso, amene amayang'anira madzi a m'boila ndi kandodo kotereka koma mulibe gasi wowathandiza.

M'thankimo madzi amawazika ponseponse. Kuwazikako sikunamiza kandodo kakafupi?

Kukanatha kukanamiza, ndipo opanga makina analiganizira. Kadontho kamodzi kokakamira pa nsonga sikavuta, chifukwa magetsi amafuna njira yosaduka kuchoka pa kandodo kukafika pa khoma. Choopsa ndi chinyezi chosadukiza chotsetsereka kuchokera pa chivundikiro kutsika ndi kandodo, kapena thovu lokandapala lodzaza mpata wonse. Pofuna kupewa izi, tindodo tambiri timakutidwa ndi pulasitiki kusiya nsonga yokha, ndipo timaikidwa kutali ndi kabowo kowazira madzi kapena kuseri kwa chotchinga. Mabolodi ambiri nawonso sapupuluma: amafuna kuti magetsi adutse mosadukiza kwa kanthawi ndithu asanavomereze kuti madzi afikadi.

Bolodi lilinso ndi malire a zimene limavomereza. Magetsi odutsa akachepera pa malirewo limati pouma, akapyola limati madzi. Lomva kwambiri limanamizidwa ndi chinyezi, losamva limalephera kuzindikira madzi opanda mchere. Pa zipangizo zina za m'mafakitale pamakhala kotembenuza kosinthira malirewa kuti agwirizane ndi madzi a malowo.

Tindodoti tikalakwa, zizindikiro zake n'zotani?

Popeza bolodi limangodziwa mayankho awiri, mabodza amene lingauzidwe nawonso ndi awiri okha.

Bodza loyamba n'lakuti m'thanki mulibe madzi pomwe alimo. Limabwera njira ya magetsi ikaduka: waya wathothoka, polumikizira pachita dzimbiri, nsonga ya kandodo yakutidwa ndi zokakamira za m'madzi, kapena waya wa pa thupi la thanki wamasuka. Waya wa pa thankiyu ndiye amaiwalika kawirikawiri, chikhalirecho popanda iye tindodo tonse tiwiri tilibe ntchito. Zikatero pampu siiima. Thanki imadzaza mpaka pamwamba, chakumwa chimatuluka chopanda gasi, valavu yotulutsira pulesha imayamba kudontha madzi, mota imatentha. Mabolodi ambiri amakono amazimitsa mota ikayenda mphindi zingapo osapuma, pofuna kuteteza pampu.

Bodza lachiwiri n'lakuti thanki yadzaza pomwe yauma. Limabwera magetsi akapeza njira yachidule: pulasitiki yozinga kandodo yang'aluka, mawaya apekeseka n'kugunda chitsulo, kapena madzi ndi sirapu womata zatayikira pamwamba pa probe n'kulumikiza mawaya ndi chivundikiro. Zikatero pampu siyaka n'komwe. Makapu oyamba amatuluka bwino, kenako kampopi kamayamba kulavula gasi.

Palinso chizindikiro chachitatu. Ngati waya wa kandodo kakatali kokha ndiye waduka, makina ena amabwerera ku vuto la kandodo kamodzi lija, pampu n'kumayaka ndi kuzima pafupipafupi.

Mmisiri amadziwa bwanji kuti vuto ndi kandodo osati bolodi kapena pampu?

Amalinamiza dala bolodilo n'kuona ngati likhulupirira. Akachotsa mawaya a tindodo, bolodi liyenera kuona ngati thanki yauma n'kuyatsa pampu. Akalumikiza mawaya omwewo ku thupi la thanki ndi kawaya kena, liyenera kuona ngati yadzaza n'kuzimitsa. Likachita ziwirizi, bolodi ndi mota zili bwino, ndipo vuto lili pa probe kapena mawaya ake. Likapanda kulabadira, ndiye lokayikitsa ndi bolodilo.

Kenako amazula probe, koma asanatero amazimitsa magetsi, amatseka madzi ndi gasi, n'kutulutsa pulesha yonse pa valavu. Kumasula chilichonse pa thanki yopanikizika n'kuputa ngozi. Akaizula amaiumitsa n'kuiyeza ndi mita. Kuchoka polumikizira waya kukafika pa nsonga, magetsi ayenera kudutsa mosavuta. Pakati pa kandodo ndi kanzake, kapena kandodo ndi chomangira chake, sayenera kudutsa konse.

Mmisiri wabwino amadziwanso kuti tindodo timanamiziridwa milandu yambiri. Pampu yosaima nthawi zina imakhala ikunena zoona: madzi sakufikadi pamwamba chifukwa mpope wauma, sefa yatsekeka, kapena pampuyo yadyeka m'kati moti siingagonjetsenso pulesha ya gasi. Chakumwa chosukuluka nacho chingabwere chifukwa silinda yatha kapena madzi sakuzizira. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wophunzitsidwa, popeza pa bolodi lomwelo pamadutsanso magetsi akupha opita ku mota.

Palibe njira ina yoyezera madziwo?

Ilipo. Makina ena amagwiritsa ntchito choyandama chokhala ndi maginito, chimene chimakwera ndi kutsika pa kapaipi kotsekeka. M'kati mwa kapaipiko muli timaswichi tating'ono ta m'galasi timene timatseka maginito akayandikira. Njirayi siisamala za mchere, imagwira ntchito ngakhale madzi akhale oyera bwanji. Kuipa kwake n'kwakuti ili ndi chinthu chosuntha, ndipo chosuntha chimatha kukakamira, kubooka n'kumira, kapena kutha.

Tindodo tilibe chosuntha, n'totsika mtengo, ndipo timapirira pulesha. Kufooka kwake n'kumodzi: timadalira zimene zili m'madzi. Pa dizilo, parafini kapena mafuta ophikira tilibe ntchito, chifukwa zimenezi sizidutsa magetsi.

Ngati magetsi a tindodo saopsa, choopsa chenicheni pa makinawa n'chiyani?

Zilipo ziwiri, ndipo zonse zimachokera ku gasi.

Choyamba ndi kudontha kwa gasi m'chipinda chotsekeka. Carbon dioxide saoneka, sanunkha, ndipo amalemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kamodzi ndi theka, choncho amasonkhana pansi ndi m'zipinda za kunsi kwa nyumba. Mumpweya umene timapuma panja amakhalamo pafupifupi magawo 420 pa miliyoni. Bungwe la OSHA la ku America linaika malire a magawo 5,000 pa miliyoni kwa munthu wogwira ntchito maola 8, ndipo bungwe la NIOSH limati magawo 40,000 ndi oika moyo pachiswe nthawi yomweyo. Mphamvu ya gasiyu inaoneka pa 21 Ogasiti 1986 ku Cameroon, pamene Nyanja ya Nyos inatulutsa mwadzidzidzi gasi amene anali atasungunuka m'madzi ake akuya. Anatsetsereka m'zigwa usiku n'kupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto zikwizikwi. Wogwira ntchito akalowa m'chipinda cha masilinda n'kumva mutu, chizungulire kapena kubanika, atuluke msanga, atsegule zitseko, aitane anzake. Akaona mnzake atagwa mmenemo asathamangiremo, chifukwa nayenso agwa pomwepo. Silinda izikhala choimirira, yomangidwa ndi tcheni, popeza m'kati mwake pulesha imapyola 800 psi.

Chachiwiri ndi kubwerera m'mbuyo kwa madzi a gasi. Pakati pa pampu ndi thanki pali valavu yololeza madzi kupita kutsogolo kokha. Ikaonongeka, gasi amakankhira madzi a asidi aja m'mapaipi a nyumba. Mapaipiwo akakhala a kopa, asidiyo amasungunula kopayo, ndipo omwa madziwo amachita nseru ndi kusanza. N'chifukwa chake malamulo a mapaipi m'maiko ambiri amafuna chotchinga chapadera pa paipi yolowa m'makinawa, ndipo madzi a gasi amayenda m'chitsulo chosachita dzimbiri ndi pulasitiki basi.

Nzeru imeneyi ili ndi phindu lanji kwa munthu amene sadzagwirapo makina a zakumwa?

Thanki ya pa nsanja ya pa sukulu, pa chipatala kapena pa mjigo wa pampu ya magetsi ili ndi vuto lomwelo. Ikadzaza popanda wozimitsa, madzi amatayika usiku wonse pamodzi ndi mayunitsi a magetsi. Madzi a m'mjigo akatsika, pampu imazungulira pouma n'kupsa, ndipo mudzi wonse umabwerera ku dambo podikira ndalama zogulira ina. Kabokosi ka relay ndi tindodo timene timagulitsidwa m'masitolo a zamagetsi timateteza mbali zonse ziwiri: m'thanki timazimitsa pampu madzi akafika pamwamba, m'mjigo timaizimitsa madzi akatsika.

Zimene taona m'thanki ya zakumwa zimagwiranso ntchito kuno. Thanki ya pulasitiki siingabweze magetsi ngati yachitsulo, choncho pamafunika kandodo kachitatu, kakatali kuposa tonse, kokhala m'madzi nthawi zonse. Thanki yokolola madzi a mvula imafuna relay yomva kwambiri popeza mchere ndi wochepa. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi a pansi panthaka ndi amchere, vuto limatembenuka: ngakhale chinyezi chotsala pa mawaya chimatha kudutsa magetsi, choncho tindodo tiyenera kutalikirana ndi kupukutidwa kawirikawiri.

Kwa iye amene amagwira ntchito pafupi ndi makina a zakumwa, chida chake choyamba ndi khutu. Pampu ya makina abwino imalira masekondi angapo makapu angapo akathiridwa, kenako n'kukhala chete mpaka ena athiridwe. Ikamalira osapuma, bolodi likumva kuti mulibe madzi. Ikakhala chete kampopi kakulavula gasi, likumva kuti thanki yadzaza. Ikamayaka ndi kuzima pafupipafupi, mpata wa pakati pa tindodo wasokonekera. Wopukuta makina amene angauze mmisiri kuti ndi kulira kuti mwa kutatuku kumene wamva, ndi nthawi imene kunayamba, wamuthera theka la ntchito asanatsegule bokosi la zida. Ndipo akamapukuta usiku, asaiwale kuumitsa pamwamba pa thanki pamene pali mawaya atatu aja.